Ndimvere mayi, agogo kapena malamulo a sukulu?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34 ndipo ndimagwira ntchito yolera ndi kuphunzitsa ana pasukulu ina ya mkaka. M'kalasi mwanga muli ana a zaka zitatu ndi zinayi. Ntchitoyi ndimaikonda, ndipo anawo sandivuta. Amene andigwiritsa njakata ndi akuluakulu, n'chifukwa chake ndati ndikupezeni mundiunikire.

Pamaphunziro athu anatiuza mobwerezabwereza kuti mphunzitsi woyamba wa mwana ndi kholo lake, choncho tisamagamule tokha nkhani yokhudza mwana tisanamve maganizo a kwawo. Anatiwerengeranso pangano la United Nations la mu 1989 lonena za ufulu wa ana. Ndime 18 imati udindo waukulu wolera mwana ndi wa makolo, ndipo ndime 5 imati abale ena amene akulera nawo mwanayo nawonso azilemekezedwa. Ine zimenezi ndimazivomereza ndi mtima wonse. Mwana amakhala nane maola ochepa chabe, chaka chikatha amapita kwa mphunzitsi wina, pamene a kwawo adzakhala naye mpaka kalekale. Koma palibe amene anatiuza zochita ngati a banja limodzi akukoka kosiyana.

M'kalasi mwangamo muli kamtsikana ka zaka zitatu ndi theka. Mayi ake amachoka m'mamawa kupita kuntchito n'kubwerako kutada, moti ndimalankhula nawo pa WhatsApp basi. Amene amabwera naye m'mawa ndi kudzamutenga masana ndi agogo ake, mayi a bambo ake a mwanayo. Lamulo la pasukulu pathu ndi lakuti ana onse azigona ola limodzi akatha kudya.

Mayi aja ananditumizira uthenga wondipempha kuti mwana wawo asamagone masana. Akuti akagona kusukulu, usiku 10 koloko imakwana ali maso, kusewera ndi kuimba, iwo ali otopa ndipo mawa lake akudzukanso m'bandakucha. Agogo nawo akuti mwanayo azigona ndithu, chifukwa tsiku limene sanagone amafika kunyumba akulira, chakudya kukana, ndipo amene amalimbana naye madzulo onse mpaka mayi ake abwere ndi iwo. Azakhali, ndikawamvetsera onse awiri, palibe amene akunama. Aliyense akunena za maola amene iyeyo amakhala ndi mwanayo.

Ndinati mwina mabuku andiombola, koma ayi. Malangizo amene bungwe la World Health Organization linatulutsa mu 2019 amati mwana wa zaka zitatu kapena zinayi azigona maola 10 mpaka 13 pa maola 24 alionse, ndipo tulo ta masana tikhoza kukhala mbali ya maola amenewo. Sakuti tikhalepo basi, sakutinso tisakhalepo. Chimene amatsindika n'chakuti nthawi yogona ndi yodzuka isamasinthesinthe, ndipo chimenecho ndi chimene mwanayu sakuchipeza. Ndinayesa zomudzutsa akagona theka la ola kuti aliyense apezepo pake. Mayi anati sindinawamvere, agogo anati ndikumudula tulo mwana. Paja mapanga awiri avumbwitsa.

Chimene chikundilemera koposa ndi ichi: mayiwa anandipempha kuti ndisawauze apongozi awo kuti pempholi lachokera kwa iwo. Akufuna ndinene kuti ndi sukulu yasintha ndondomeko. Ndikumvetsa, akukhala nyumba imodzi ndipo popanda agogowa sangathe kupita kuntchito. Koma ndiye kuti ine ndiziwanamiza gogo amene amandipatsa moni mwaulemu m'mawa uliwonse, amene amandiuza ngati mwana wagona bwino, ngati akutsokomola, ngati walira panjira. Ndikawanamiza n'kudzadziwika, adzandikhulupiriranso pa china chilichonse? Mpaka lero sindinaname, komanso sindinaulule. Ndimangozemba nkhaniyo pageti.

Mwanayonso wayamba kuzindikira. Nthawi yogona ikakwana amandiuza kuti, “Amama anati ndisagone,” kwinaku zikope zikumulemera. Tsiku lina amagonadi, tsiku lina amangokhala pamphasa n'kumayang'ana mabuku a zithunzi, ndipo amaoneka kuti ali bwinobwino. Pangano lija m'ndime 12 limati maganizo a mwana azimvedwa molingana ndi msinkhu wake. Ine ndimaona kuti thupi lake limanena lokha tsiku limene likufuna tulo, koma palibe wamkulu amene wafunsapo zimenezo.

Pali zopempha zina zimene sindivutika nazo. Bambo wina anandiuza kuti mwana wake akavuta ndizimukwapula, ndipo ndinakana pomwepo, chifukwa kulemekeza kholo sikutanthauza kupweteka mwana. Agogo omwewa anapemphanso kuti ndizimuchotsa mdzukulu wawo pensulo kudzanja lamanzere. Ndinawafotokozera mofatsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse ndi wamanzere, si matenda, ndipo kumukakamiza kumangomudanitsa ndi kulemba. Sanasangalale, koma anazisiya. Pamene pali choipa choonekeratu, malire ndimawadziwa. Pondivuta ndi pamene mbali zonse zili ndi mfundo zomveka.

Nditapita nayo nkhaniyi kwa akulu a sukulu, anandiyankha kuti vuto langa ndi lofunsa makolo zambiri. Akuti ndingowauza lamulo basi, chifukwa kholo lililonse likayamba kulamula zake, kalasi ya ana ambiri siingayende. Sindikuti akulakwa kotheratu. Ndili ndekha ndi mthandizi mmodzi, ndipo mwana amene sakugona amafuna womuyang'anira kuti asadzutse anzake. Komabe ndikaona misonkhano yathu ya makolo, mtima umandiwawa. Timawaitana, n'kuwawerengera zimene tagwirizana kale, kenako n'kufunsa kuti, “Pali funso?” Iwo amangoti zii, ife n'kulemba kuti makolo avomereza. Kwa ine kumeneko ndi kulengeza, si kupanga chiganizo limodzi. Ndinaphunzira kuti ku Reggio Emilia, m'dziko la Italy, makolo ndi amene anamanga okha sukulu ya ana aang'ono nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha mu 1945, ndipo mphunzitsi Loris Malaguzzi anachita kuwapeza ali kale pantchito. Mpaka pano sukulu za kumeneko zimadziwika ndi kupatsa makolo mpando pokambirana za kayendetsedwe kake. Ife timawakumbukira makolo pa nthawi ya fizi ndi pa tsiku lotsekera.

Maganizo anga ndi oti ndiwaitane onse, mayi, bambo ndi agogo, tikhale pansi, aliyense anene zimene amaona pa maola ake, inenso ndinene zimene ndimaona m'kalasi. Tikhoza kugwirizana zoyesa njira imodzi kwa milungu ingapo, mwachitsanzo kumugoneka pamphasa koma osamukakamiza tulo, kunyumba n'kumasunga nthawi imodzimodzi yogonera usiku, kenako tidzaonenso. Koma ndikuopa. Bambo a mwanayu sindinawaonepo pasukulu, ndipo kuwaitana kungaoneke ngati ndikukaneneza mayi awo ndi mkazi wawo. Mayi aja akhoza kuona ngati ndawaika poyera pamaso pa apongozi awo. Akulu a sukulu nawo sanandilole kuchititsa msonkhano wotere, ndipo ntchito ndikuifuna.

Ndiye ndithandizeni, Azakhali. Kodi mawu omaliza pa mwana akhale a ndani, kholo lomubereka kapena gogo amene amatha naye tsiku? Ine monga mlezi, ndi pati pamene kumva maganizo a banja kumathera n'kuyamba kulowerera za m'nyumba ya eni? Nanga mayi aja ndiwauze bwanji kuti sindingawanamizire apongozi awo, popanda iwo kuona ngati ndawataya? Akuyembekezera yankho langa, ndipo uthenga wawo wa sabata yatha sindinauyankhebe.

Ine wanu,
Mlezi wothedwa nzeru