Kalata yothokoza chipatala cha ziweto pa za diso la Jeki

Kwa Adokotala Akulu ndi onse ogwira ntchito,
Chipatala cha Ziweto,
Lilongwe.

Okondeka Adokotala,

KUTHOKOZA CHIFUKWA CHOPULUMUTSA DISO LA GALU WATHU

Ndikulemba m'malo mwa banja lathu lonse kukudziwitsani kuti Jeki, galu wathu wosakanizika Boerboel ndi wachikuda uja, akuona ndi maso onse awiri. Chatsala ndi kachipsera koyera m'mbali mwa diso lakumanzere, komwe munati kazizimiririka pang'onopang'ono ngakhale mwina sikadzatheratu. Kameneko sitikudandaula nako. Zikomo kwambiri. Pa tsiku lomaliza lija panali mzere wautali ndiye sindinafune kukudyerani nthawi, n'chifukwa chake ndati mawuwa ndiwalembe.

Chimene chandilembetsa makamaka si mankhwala, koma kuti munandionetsa chilonda cha pa diso lake ndi maso angawa. Jeki anangoyamba kutsinzina diso limodzi, misozi ili chuchuchu, akuthawa dzuwa n'kumakabisala kuseri kwa thanki. Poliyang'ana panalibe chooneka, kungofiira basi. Inu munatenga kapepala kachikasu kaja, kokhala ndi utoto wotchedwa fluorescein, n'kukanyowetsa, n'kugunditsa pa diso. Mutazimitsa magetsi n'kuyatsa katochi kabuluu, pakati pa disopo panawala malo obiriwira, m'mphepete mwake muli mokumbika. Munafotokoza kuti utotowo sugwira pa diso labwinobwino, umakakamira pokhapokha pomwe khungu lapamwamba lasupuka. Mwana wanga wamkulu, yemwe ankagwira galuyo miyendo, mpaka lero amasimbira anzake.

Kenako munadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, n'kukweza ndi kachitsulo chikope chachitatu chija chomwe chimabisala pakona ya diso kufupi ndi mphuno. Ndinali ndisanadziwe kuti agalu ndi amphaka ali nacho. Kuseri kwake munasolola kansonga ka udzu wouma, kaminga mbali imodzi, komwe kankapala diso nthawi iliyonse galuyo akaphethira. Nyengo imeneyo udzu wakuseri kwa mpanda unali utauma, ndipo Jeki ndi wosamva, amalowa patchire paliponse pomwe wamva fungo la mbewa.

Funso lanu loyamba, musanagwire n'komwe galuyo, linali lakuti, kodi mwathiramo chiyani? Nthawi imeneyo linandidabwitsa, koma tsopano ndikulimvetsa. Kwathu kuno aliyense ndi dokotala wa maso. Wina anati shuga, wina mchere, agogo ena anati fodya wosera. Mnansi wathu, mwa chifundo chake ndithu, anabweretsa kabotolo ka madontho komwe kanatsala pomwe iye ankadwala maso, ndipo ndinabwera nako m'chikwama kudzakufunsani. Munawerenga timalemba tapambali n'kundilozera mawu akuti dexamethasone. Munati mankhwala a gulu la steroid amachotsa kufiira msanga moti munthu amaganiza kuti diso likuchira, pomwe akuletsa chilonda kupola ndiponso akupatsa mpata tizilombo. Pa diso lachilonda, mankhwalawa angachititse kuti galasi la diso, khungu loonekera mkati lakutsogolo kwa diso lija, lisungunuke ngati kandulo, ndipo zimenezi zimatheka m'tsiku limodzi kapena awiri okha. Galasi limenelo, munatero, kuchindikala kwake n'kongopitirira pang'ono theka la milimita. Likabooka, madzi a m'diso amatuluka, ndipo nthawi zambiri chotsala chimakhala opaleshoni kapena kuchotsa diso lonse.

Chilonda cha Jeki chinali chitalowa kale mkati, osati chapamwamba chomwe munati chimapola pasanathe sabata. Simunatibisire. Munanena poyera kuti diso likhoza kupulumuka kapena ayi, ndipo munatiuza mtengo wa njira zonse tisanavomere chilichonse. Izi ndazilemba dala, chifukwa m'malo ambiri munthu amadziwa bilu zinthu zitachitika kale. Munamutenga magazi pamwendo, n'kuwazunguza pamakina mpaka madzi achikasu atakwera pamwamba, n'kutipatsa madziwo m'kabotolo kuti tizisunga mufiriji ndi kumadontheza m'diso. Ndinadabwa kumva kuti m'magazi a galu yemweyo muli zinthu zoletsa galasi lija kupitiriza kudyeka. Panalinso madontho opha mabakiteriya, oyenera kuthira maola awiri aliwonse masiku oyambirira, usiku womwe, ndi atropine wochepetsa ululu wamkati yemwe amakulitsa mwana wa diso. Ana ankasinthana kudzuka. Magetsi akazima tinkaika kabotolo kaja m'kabokosi ka ayezi, monga munatilangizira.

Ndithokozenso achimwene omwe amakuthandizani kugwira ziweto aja. Kolala yapulasitiki yoletsa galu kudzikanda ya saizi ya Jeki inali itatha, ndipo iwo anatenga ndowa yomwe ndinakagula pa golosale, n'kuiboola pansi, n'kukulunga m'mphepete ndi nsalu kuti isamucheke khosi, n'kuimangirira ku lamba wake. Jeki ankagunda nayo zitseko ndi miyendo ya anthu, anthu odutsa ankaseka, koma phazi lake silinafikenso pa diso. Munati ambiri amavula kolala chifukwa chomvera galu chisoni, m'mawa mwake n'kupeza chilonda chakula kawiri. Ife sitinaivule mpaka tsiku lomwe utoto uja unakana kugwira.

Za kamphaka kaja n'zina. Kanali kotola m'ngalande, maso onse atamatika ndi manthongo, kakuyetsemula. Ndinabwera nako tsiku lina lomwe Jeki ankadzaonedwanso, ndikuganiza kuti mwina kapatsirana ndi galuyo. Munati ayi, ndi chimfine cha amphaka, chomwe kawirikawiri chimayamba ndi kachilombo ka feline herpesvirus, ndipo sichilowa mwa agalu kapena anthu. Munatsuka ndi thonje ndi madzi ofunda mpaka zikope zitamatuka, ndipo utoto unaonetsa kachilonda kanthambinthambi komwe munati ndi chizindikiro cha kachilombo kameneka. Munatichenjeza kuti mphaka akakatenga kachilomboka amakhala nako moyo wake wonse, ndipo matenda amatha kudzuka akasautsidwa, monga posamuka nyumba kapena akabereka. Ndi tsiku lomwelo munatiuza mwamphamvu kuti Panado asayerekeze kupatsidwa kwa mphaka, chifukwa ngakhale mbulu umodzi umapha. M'nyumba mwathu Panado amakhala pawindo, aliyense amangotola, ndiye chenjezo limeneli ndinalibwereza kwa ana ndi kwa mtsikana wantchito.

Pali chinanso chomwe munanena mongodutsa koma chathandiza kale ena. Munafunsa ngati galuyo sanalavuliridwe ndi njoka, popeza njoka zolavula malovu a ululu zimapezeka kuno ndipo zimalunjika m'maso zili patali mamita awiri. Munati zikatero choyamba ndi kutsuka diso ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zingapo, kenako kuthamangira kuchipatala, osadikira kuti kuche. Mlamu wanga wa ku Salima galu wake zinamuchitikira, ndipo atandiimbira ndinamuuza zomwezo. Anakapeza alangizi a za ziweto m'mawa mwake diso litatupa koma lili lonse.

Ndili ndi pempho limodzi, ngati n'kotheka. Anthu ambiri amaonana ndi dokotala wa ziweto kamodzi pa chaka, pa katemera wa chiwewe, makamaka nyengo ya 28 September pomwe dziko lonse lapansi limakumbukira za matendawa. Pamzere paja pamakhala ana ambiri atagwira agalu ndi zingwe kapena luzi, ndipo ndi anawo omwe amayamba kuona galu akatsinzina. Mutamawauzako mawu awiri atatu a za maso, kuti diso lotsinzina kapena lochita mtambo silidikira sabata, kuti madontho a anthu asathiridwe dokotala asanaone, ndi kuti galu yemwe zikope zake zimapindikira mkati kapena yemwe maso ake amauma amafunika kuyezedwa, agalu a diso limodzi angachepe m'makwalalamu. Ophunzira za udokotala wa ziweto a ku Bunda omwe ndinawapeza akuphunzira ntchito kwanuko angathe kuthandiza pa zimenezi, chifukwa mmodzi wa iwo ndi amene anandiphunzitsa kugwira mutu wa galu ndi kudontheza kuchokera kumbuyo, kabotolo kosagunda diso.

Munanenanso kuti chikope cham'munsi cha diso lakumanja la Jeki chikupindikira mkati pang'ono, zomwe zimachitikachitika mwa ma Boerboel, ndipo ubweya ukamakhuza diso pangadzabwere chilonda china. Takambirana kunyumba ndipo tavomera kuti mukonze. Tikuyembekezera malipiro a kumapeto a mwezi, kenako ndidzaimba foni kuti mutipatse tsiku. Kamphaka kaja tidzabwera nako limodzi kudzalandira katemera wake wachiwiri.

Mundiperekereko moni kwa achemwali a pakauntala ndi achimwene a ndowa aja.

Ine wanu,
Mwini wa Jeki,
Area 25, Lilongwe.