Okacheza ku London akafikenso ku Amersham pa sitima

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi Amalawi amene amapita ku London kukaphunzira kapena kukaona abale, n'kubwerako atangoona pakati pa mzinda pokha, chikhalirecho sitima ya pamtunda ikanawafikitsa mosavuta kumatauni ang'onoang'ono ozungulira mzindawo. Tauni imene ndikufuna kuwauza ndi Amersham, ya m'chigawo cha Buckinghamshire, komwe imathera nthambi imodzi ya njanji ya Metropolitan.

Njanjiyi inatsegulidwa mu 1863 ndipo ndiyo inali yoyamba padziko lonse kudutsa pansi pa nthaka. Anaitalikitsa pang'onopang'ono kudzera ku Harrow ndi Pinner mpaka inafika ku Amersham mu 1892, koma siteshoni anaimanga kumtunda, patali ndi tauni yakale, moti masitolo ndi nyumba zatsopano zinayamba kumangidwa mozungulira siteshoniyo. Apa ndi pamene mlendo amapusitsika: akatsika sitima n'kuona mabanki ndi masitolo amakono, amaganiza kuti waiona tauni yonse, n'kukwera sitima yobwerera.

Msewu waukulu weniweni, womwe eni ake amautcha High Street, uli kuchigwa cha mtsinje wa Misbourne, ulendo wapansi wa mphindi pafupifupi makumi awiri kutsetsereka phiri. Msewuwu ndi wotakata chifukwa unkakhalanso msika, komanso unali njira ya ngolo zokokedwa ndi akavalo zochokera ku London kupita ku Aylesbury. N'chifukwa chake nyumba zogona alendo monga King's Arms zili ndi zipata zazikulu zomwe ngolozo zinkalowera. Pakati pa msewu pali holo ya msika imene Sir William Drake anamangitsa mu 1682, ndipo chapafupi pali tchalitchi cha St Mary. Kuona kwanga, njanji ikanadutsa m'chigwamu, nyumba zambiri zakalezi zikanagwetsedwa kuti apeze malo a masitolo.

Sitima zopita kumeneku zimakwereka pa siteshoni ya Baker Street kapena ya Marylebone, ndipo khadi ya Oyster, yolipirira sitima ndi mabasi mu London, imagwira ntchito mpaka ku Amersham, ngakhale kuti tauniyi ili kunja kwa malire a London. Okalamba ndi amene ali ndi ana aang'ono akonzekere chitunda chobwerera kusiteshoni, poti n'chotopetsa ndithu, kapena afunsiretu za basi asanatsetsereke.

Wowerenga wanu,
London