Kwa mwana wanga amene akubwera kudzathandiza pachipatala cha kumudzi

Mwana wanga wokondedwa,

Ife kuno tili bwino, kaya iwe ku Manchester ndi kuzizira umanena kuja. Uthenga wako ndaumva, woti watenga tchuthi cha miyezi itatu kuti udzagwire ntchito mwaulere pachipatala chaching'ono m'boma la Chikwawa. Ndasangalala kuchokera pansi pa mtima. Komabe ine ndakalambira pa unamwino ndi uzamba m'zipatala ngati chimenecho, ndiye undimvere usanayambe kulongedza.

Za mapepala ndingokukumbutsa: ulembetse ku Medical Council of Malawi usanagwire wodwala aliyense, ndipo ukayambe waonekera kwa akuluakulu a zaumoyo pa boma. Ntchito yaulere nayo ili ndi malamulo ake.

Nkhawa yanga ili pa anthu amene ukawapeze. Mwina ukapeza medical assistant mmodzi, anamwino awiri kapena atatu, ndi alangizi a zaumoyo, ma HSA aja, amene amapalasa njinga m'midzi kukachititsa sikelo ndi katemera. Medical assistant ameneyo amaona mzere wa odwala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, usiku n'kumudzutsanso. Maphunziro ako ndi apamwamba kuposa ake, palibe angatsutse. Koma mlendo ndi mame, mwana wanga. Iwe ukadzakwera ndege, amayi a m'deralo adzapitiriza kubweretsa ana awo kwa iyeyo. Choncho ukaona kuti walakwitsa mlingo wa mankhwala, usamudzudzule odwala akumva. Mudikire mukhale awiri, mutsegule limodzi buku la malangizo a Unduna wa Zaumoyo. Mbiri ikamveka kuti kwabwera dokotala wochokera kunja, anthu adzayamba kukana kulowa m'chipinda chake, ati tikufuna alendo aja. Zimenezo uzikane msanga. Mzere ukhale umodzi, ndipo odwala azikumva ukumufunsa nzeru, chifukwa zoti umufunse zilipo zambiri.

Ndikudziwa kuti anzako kumeneko akufuna kukudzazira chikwama ndi mankhwala. Ganizira agogo a BP amene udzawayambitse mapiritsi osapezeka ku Central Medical Stores. Mwezi ukatha, botolo likauma, adzawapeza kuti? Lembera odwala mankhwala amene chipatalacho chimalandira nthawi zonse. Malungo timayeza kaye pachala, ndipo akapezeka timapereka LA, amene analowa m'malo mwa Fansidar mu 2007. Fansidar anatsalira amayi oyembekezera ku sikelo. Uzionetsetsa kuti mayi wamvetsa kuti LA ndi kawiri pa tsiku masiku atatu, chifukwa mwana akangoyamba kusewera ambiri amasunga otsalawo kuti adzamwetse wina. Ngati ukufunadi kunyamula kanthu, yamba waimbira mkulu wa pachipatalapo akuuze zimene akusowa. Usadabwe akakupempha magolovesi, makina oyezera BP, mabatire ndi tochi yovala pamutu, pakuti mwana sadikira magetsi kuti abadwe.

Kompyuta yosunga mbiri ya wodwala aliyense ngati kwanuko usaiyembekezere. Mayi adzamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kabuku ka kuchipatala, kokulungidwa m'pepala la shuga kuti mvula isakanyowetse, masamba ake ofiira ndi utsi. Moyo wonse wa mwanayo uli m'menemo. Kawerenge kuyambira kumbuyo, ndipo nawe ulembemo zowerengeka, kuti amene adzakatsegule chaka chamawa adziwe zimene unaona ndi zimene unapereka.

Chichewa sunachiiwale, koma kumeneko ukamva Chimang'anja ndi Chisena, ndiye usachite manyazi kupempha wina akumasulire. Wodwala akati thupi likuphwanya kapena mtima ukuthamanga, usafulumire kulemba, funsitsa. Mayi akati liwombo lalowa, funsa za kutsekula m'mimba ndipo konza Thanzi ORS pompo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa mpaka lero. Mwana amafika atafooka, maso ali gwa, mphini zatsopano pachifuwa, ndipo wachipatala n'kuyamba kukalipa kuti munali kuti masiku onsewa. Mayiyo sanali kusewera. Anadikira bambo abwere ku dimba, anafunafuna ndalama ya kabaza, mwina anawoloka mtsinje mwana ali kumsana. Kwa asing'anga anapitako chifukwa kunali pafupi. Ukamukalipira lero, mwana wina akadzadwala sadzabweranso. Thandiza mwanayo kaye, za mphinizo mudzakambe mtima utakhala pansi. N'chimodzimodzi ndi amayi ochirira panjira. Boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa mu 2007, koma lamulolo silinafupikitse mtunda. Alimbikitse kubwera kudzadikirira pachipatala masiku akayandikira.

Kwanuko wodwala akakukanika umangoitana mnzako pachipinda china. Kumeneko chisankho chachikulu ndi choti umutumize liti ku chipatala cha boma, ndipo chipangidwe dzuwa likadalipo. Ambulansi imatumikira zipatala zingapo, nthawi zina mafuta palibe, ndipo mvula ikagwa misewu ya m'chigwa cha Shire imaduka. Unaona wekha pa TV zimene namondwe Freddy anachita mu March 2023. Mayi woyembekezera amene BP yakwera, kapena amene akuchedwa kubereka, usamusunge n'chiyembekezo choti mwina zisintha. Tsiku loyamba lomwe ukaone ngati firiji ikugwira ntchito, chifukwa oxytocin wotetezera kutaya magazi safuna kutentha, ndipo Chikwawa kutentha kwake ukudziwa. Ukaonenso mjigo ndi ndowa zosambira m'manja. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mlangizi amene amagawa kolorini m'midzi amapulumutsa anthu amene iwe sudzawaona nkhope. Tsiku lina umutsatire ku sikelo ya pansi pa mtengo.

Foni ikhale m'thumba. Mwana wotupikana sangakukanize kumujambula, ndipo mayi ake adzavomera chifukwa chokuopa. Nkhope zawo zisapezeke pa Facebook, ngakhale cholinga chikhale chopempha thandizo.

Nawenso udzisamale. Wakhalitsa kunja, thupi lako silingalimbanenso ndi malungo monga kale, ndiye imwa mankhwala oteteza ndipo uzigona m'neti tsiku lililonse. Madzi uziwiritsa. Odwala ena adzamwalira m'manja mwako ndi matenda amene kwanuko akanachira, ndipo zidzakupweteka. Usazisunge wekha mumtima. Cheza ndi anamwino ogwira nawo ntchito, kapena undiimbire ngakhale pakati pa usiku.

Undiuze tsiku lotsikira pa Chileka kuti achimwene ako adzakuchingamire. Ugone kuno masiku awiri usanatsike ku Chikwawa, azakhali ako akufunitsitsa kukuona.

Ndine mayi ako.