Tisasakanize kusinkhasinkha kwa Abuda ndi mankhwala a mphepo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa chizolowezi chimene chikukula pakati pa olemba nkhani za umoyo, chomatenga kusinkhasinkha kwa Abuda, yoga ya ku India ndi mankhwala a ku China n'kuziika m'thumba limodzi, ngati kuti zonsezi zimaphunzitsa chinthu chimodzi chotchedwa "mphamvu ya moyo". Ziphunzitsozi n'zosiyana, ndipo kusiyana kwake kumakhudza odwala.

Zimene Buddha anaphunzitsa pa nkhani ya kupuma zimatchedwa anapanasati m'chinenero cha Pali, kutanthauza kukhala tcheru pamene mpweya ukulowa ndi kutuluka. Malangizowa ali ndi mfundo 16 zogawidwa m'magulu anayi, ndipo poyambira pake n'posavuta modabwitsa: munthu akakoka mpweya wautali azidziwa kuti ndi wautali, akakoka waufupi azidziwa kuti ndi waufupi. Sauzidwa kuti augwire kapena kuukankhira kwina kulikonse m'thupi, chake n'kuonerera basi, kufikira ataona kuti ngakhale mpweya womwewo sukhalitsa. N'chifukwa chake Mahasi Sayadaw, mmonke wa Chibuda wa ku Burma (Myanmar), ankayamba n'kuuza ophunzira ake kuti azitsatira kukwera ndi kutsika kwa mimba. Pranayama ya mu yoga ili ndi cholinga china, popeza kumeneko munthu amawerengera mpweya, kuugwira ndi kusinthanitsa mphuno pofuna kulamulira mphamvu imene amaitcha prana.

Asing'anga nawonso ali ndi nkhani yawo. Mu Ayurveda, chiphunzitso cha mankhwala achikhalidwe a ku India, mphepo kapena kuti vata ndi chimodzi mwa zinthu zitatu zoyendetsa thupi, pamodzi ndi pitta ndi kapha. Ku China amasiyanitsa qi, mphamvu imene amati imayenda m'njira za m'thupi, ndi feng, mphepo yochokera kunja imene amati imalowetsa matenda.

Koma amene amandichititsa chidwi kwambiri ndi a ku Tibet, omwe mphepo ya m'thupi amaitcha rlung ndipo amati maganizo amakwera pa iyo monga munthu akwerera pa hatchi. Chiphunzitsochi chikuperekedwabe ku Men-Tsee-Khang, sukulu ya mankhwala imene inakhazikitsidwa ku Lhasa, likulu la Tibet, mu 1916 ndi kutsegulidwanso ku Dharamsala, m'dziko la India, mu 1961. Asing'anga amenewa amavomereza poyera kuti kusinkhasinkha modzikakamiza kumadwalitsa. Munthu amasowa tulo, pachifuwa pamamuthina, mtima sukhala m'malo, ndipo akapita kwa sing'anga sauzidwa kuti awonjezere khama ayi, koma amapatsidwa msuzi wa mafupa ndi batala, amapakidwa mafuta ofunda, n'kulangizidwa kuti apumule ndi kucheza ndi anzake apamtima. Ine ndimaona kuti malangizo amenewa ndi anzeru kuposa a aphunzitsi ambiri a pa intaneti, amene wophunzira akadandaula amangomuuza kuti alimbikire.

Sindikunena kuti kupuma kulibe mphamvu pa thupi. Kupuma pang'onopang'ono kumachepetsa kugunda kwa mtima, ndipo mu 1982 magazini ya Nature inasindikiza kafukufuku wa Herbert Benson wa ku yunivesite ya Harvard, ku America, wosonyeza kuti amonke atatu a Chibuda cha ku Tibet, pochita kusinkhasinkha kotchedwa tummo, ankakweza kutentha kwa zala zawo, kwina mpaka ndi madigiri 8 a Celsius. Chimene anayeza komabe chinali kutentha kwa khungu, osati rlung, ndipo qi kapena prana sizinayezedwepo ndi chipangizo chilichonse.

Pempho langa ndi lakuti wolemba aliyense azitchula chiphunzitso chimene akufotokoza, kumene chinachokera ndi chimene eni ake amati chimachita, kuti wodwala mphumu kapena chifuwa chachikulu asasiye mankhwala a kuchipatala poganiza kuti Buddha analonjeza kuchiritsa mapapo.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu