Shearer mwamuiwala bwanji?

Akonzi,

Loweruka tili ku vidiyo kuonera Premier League ndinatchula Alan Shearer, mnyamata wina wa jezi ya Man United nkundifunsa kuti ameneyo ndiye ndaninso, chonsecho Beckham amamudziwa mpaka dzina la mkazi wake. Zinandiwawa bwanji. Shearer anachinya zigoli 260 mu ligi imeneyi, mpaka pano palibe wamupitirira, anatenga chikho ndi Blackburn mu 1995 kenako nkuwakana a United kupita kwawo ku Newcastle komwe anasiyira mpira mu 2006. Beckham ma firikiki ankatha, sindikukana ayi, koma kutchuka kwinaku ndi kwa tsitsi, malonda ndi timu yake ya ku America ya Inter Miami basi. Patsamba lanu la masewero muziwalembako akale ngati amenewa.

Wokonda mpira,
Zomba