Zinyalala za kumsika zingadyetse ana athu

Mkonzi,

Ndine mayi wa ku Mtandire, ndimagulitsa tomato ndi masamba pamsika. Mwezi wathawu tili kusikelo, mwana wa mnzanga woyandikana naye nyumba, wa zaka zitatu, atamuyeza msinkhu anapezeka wokwinimbira. Amake anagwetsa misozi: "Komatu nsima amadya tsiku lililonse." Sankanama. Amadya nsima ya ufa woyera ndi msuzi wa tomato mmodzi, mwina tibonya tiwiri. Mimba ikukhuta koma thupi silikukula. Kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi otere.

Magulu asanu ndi limodzi a zakudya alangizi anatiphunzitsa, tinachita kuwaloweza ngati nyimbo. Koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, dzira kwathu kuno ndi la mlendo kapena wodwala.

Chimene chimandipweteka n'chakuti madzulo alionse timataya makoko a nthochi, masamba a kabichi ndi tomato woola, mulu n'kumanunkha pakhomo pa msika. Ine ndimatolako m'ndowa. Ndimakwirira m'dzenje pamodzi ndi phulusa la pambaula ndi zitosi za nkhuku, ndipo pakatha miyezi itatu amakhala manyowa akuda bii, ofewa m'manja. Kuseri kwa nyumba ya lendi ndili ndi matumba akale a feteleza asanu ndi atatu. Ndinawaboola m'mbali, pakati n'kuika timiyala kuti madzi azitsika mpaka pansi. Madziwo ndi otsukira mpunga ndi masamba, poti ndowa ya pakiyosiki ndi yogula. Muli bonongwe, chisoso, mpiru ndi kholowa. Zikachuluka ndimafutsa monga ankachitira agogo, mfutso wotendera nsinjiro n'kutifikitsa mwezi wa October. Mwana uja tsopano timamusinjira masamba ouma m'phala la mgaiwa.

Ndikupempha akuluakulu a mzinda wathu kuti m'misika ngati Wakawaka, Tsoka ndi Nsungwi apatule malo otayirapo zoola zokhazokha, mapulasitiki kwina. Anyamata ongokhala pa siteji angathe kupanga manyowa n'kumatigulitsa motchipa.

Aboma nawonso atiganizire. Pologalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, yomwe inayamba mu 2020, nkhani yake yaikulu inali feteleza ndi chimanga, ndipo ife a m'tauni opanda minda inkatidutsa. Ifetu sitikufuna thumba la makilogalamu 50. Tipaketi ta mbewu za masamba ndi mbewu ya mbatata yofiira m'kati, ngati Kadyaubwerere, yomwe ili ndi vitamini A wambiri, zitamapezeka kusikelo konko, mayi aliyense atha kubwerako atanyamula kumpango.

Ndipo inu eni nyumba, musatikanize kuika matumba kuseri. Sakumba maziko, ndipo tsiku losamuka timanyamula pa wilibala.

Mayi wogulitsa masamba,
Mtandire, Lilongwe