Misonkhano ya Loweruka ikutipweteka amayi

Akonzi,

Mabungwe omwe si aboma aleke kuika misonkhano Loweruka ndi usiku ngati akufunadi amayi pa maudindo akuluakulu.

Ndimayendetsa bungwe laling'ono ku Zomba. Mwezi watha tinaitanidwa ku maphunziro kunyanja ku Mangochi, Lachisanu mpaka Lamulungu. Loweruka lomwelo kumudzi kunagwa maliro, ndipo mukudziwa kuti ogona m'siwa ndi kuphika nsima ndife amayi. Abambo anzathu amangopereka chipepeso n'kunyamuka, palibe owanena. Ine ndikapanda kuoneka, mawa kuchitsime nkhani ndi yoti ntchito yandipatsa matama.

Ndiye pali misonkhano ya pa intaneti ya Zoom ndi opereka thandizo a ku America, yomwe imagwa 7 koloko madzulo, ndiwo zili pamoto, mwana akukoka chitenje.

Lamulo la ntchito linasinthidwa mu 2021 n'kupatsa abambo tchuthi cha masabata awiri mwana akabadwa, koma ndi mabungwe angati amawauza kuti achitenge? CONGOMA, yomwe imagwirizanitsa mabungwe omwe si aboma, ikambirane ndi mamembala ake kuti misonkhano izitha 5 koloko isanakwane, ndipo mayi woyamwitsa akapita ku maphunziro, bungwe lizilipirira womulerera mwana.

Mayi wa ku Zomba